Mangochi wakale: mafunso ndi mayankho pa mbiri ya Fort Johnston ndi boma lake

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera nkhani ya Mangochi wakale ikangoyambika, ena amachokera kwa ana asukulu ofuna za mayeso, ena kwa anthu akonkuno amene anakula akumva agogo akuti mawa ndilawirira ku Fort Johnston koma osafunsako kuti Johnston wakeyo anali ndani ndipo amadzatani kuno. Mutha kuyambira paliponse pamene pakukukhudzani.

Kodi tauni ya Mangochi inayamba liti, ndipo anaiyambitsa ndani?

Ngati mukunena pa boma, chaka chake ndi 1891 mwezi wa Okutobala, ndipo munthu wake ndi Harry Johnston, mzungu woyamba amene dziko la Britain linamutuma kudzalamulira kuno. Koma musaganize kuti anabwera ndi mapulani a tauni, misewu, msika ndi zina zotero ayi. Chomwe anamanga ndi linga la asilikali, kamalo kozunguliridwa ndi chiunda cha mchenga ndi dothi m'mphepete mwa Shire tsidya la kum'mawa, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, mfumu ya Chiyao, umene unali tsidya linalo. Cholinga chinali choti mzinga uloze pakhomo pa Mponda komanso aliyense wowoloka mtsinje aziwoneka, basi. Lingalo linatenga dzina la bwana wakeyo, Fort Johnston.

Koma ngati mukunena tauni ngati malo odzaza anthu, ochitika malonda, ofikira alendo ochokera kutali, ndiye inalipo kale Johnston asanaponde kuno, ndi ya Mponda ija, ku Mpondasi komwe mukukudziwaku. Ineyo ndimaona kuti mbiri ya Mangochi timaisokoneza pamenepa, timayamba kuwerenga pa 1891 ngati kuti mzungu anapeza tchire lokhalokha.

Nanga Ayao asanabwere kunkakhala ndani?

Anyanja ndi Amang'anja, anthu a Chimaravi. Pajatu likulu la Kalonga linali ku Mankhamba cha ku Mtakataka, komwe sikutali ndi ku Nankumba kapena Monkey Bay, ndiye kum'mwera kwa nyanjaku kunali m'manja mwawo kwa zaka mazanamazana. Anali asodzi, alimi a mapira ndi thonje, ankawomba nsalu zawo komanso kusungunula chitsulo m'ng'anjo.

Ndipo anthu anakhalako kalekale kuposa pamenepo. Akatswiri ofukula zakale akamatchula mitundu ya mapale a mbiya zamakedzana za m'Malawi muno amati za Nkope, za Mawudzu, za Nkhudzi, ndipo onsewa ndi maina a malo a m'boma la Mangochi komwe anakafukula mapalewo. Za Nkope ndiye zakale zedi, zaka zoposa 1,000 zapitazo, nthawi imene anthu odziwa kulima ndi kusula anali atangokhazikika kumene m'mbali mwa nyanjayi.

Ayao anafika liti, ndipo chinawachotsa kwawo ndi chiyani?

Ambiri analowa m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 kuchokera ku Mozambique, dera la pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma. Zifukwa zinali zosakanikirana, njala, nkhondo ndi Alolo, mikangano ya iwo okhaokha, kenako Angoni nawonso, komanso kufuna kuyandikira komwe kumachokera minyanga. Sanabwere ngati gulu limodzi lokhala ndi mfumu imodzi ayi, ankabwera m'magulumagulu, Amachinga, Amasaninga, Amangochi, aliyense ndi atsogoleri ake. Makanjira, wa Amasaninga, anakhazikika kugombe la kum'mawa kwa nyanja, Mponda pamene Shire akutulukira m'nyanja, Jalasi kumapiri cha ku Namwera. Amangochi aja ambiri anakankhidwira kum'mwera, ndi omwe anakafika ku Chiradzulu, Blantyre ndi Mulanje.

M'malo ena Anyanja anawalandira bwinobwino ngati alendo, kukwatirana nawo, kenako alendo aja atachuluka ndiponso ali ndi mfuti zinthu zinatembenuka. Ndiye musamaganize kuti Ayao anali achilendo kotheratu, malonda ankabwera nawo kuno kuyambira kale, chatsopano chinali kubwera ndi mabanja kudzakhaliratu.

Chifukwa chiyani aliyense ankalimbirana malo a Mponda?

Tayang'anani mapu. Munthu wochokera kumadzulo, kaya ku Uchewa, kaya kwa Abisa ku Zambia, akufuna kukafika kunyanja yamchere ku Kilwa, Ibo kapena Quelimane, nyanja ya Malawi yamutsekera njira. Asankhe chimodzi, kuwoloka pa chombo cha matanga monga ankachitira kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa Makanjira, kapena kuizungulira kum'mwera, ndipo akazungulira agundana ndi Shire pa kadera kakafupi ka pakati pa nyanja yaikulu ndi nyanja ya Malombe. Pamenepo ndi pomwe panali Mponda ndi mabwato ake. Zinali ngati pa tologeti ya pa Chingeni, ulibe kolambalala, uyenera kusiyapo kena kake.

Amalonda ankadutsa ndi minyanga ya njovu ndi anthu ali m'magoli, pobwerera atasenza nsalu, mikanda, mfuti za gogodela ndi wonga. Mfumu yokhala pa dooko imapeza zonsezi isanayende nkomwe, ndipo ikakhala ndi mfuti zambiri anthu othawa nkhondo amabwera kudzabisala kwa iyo, mudzi nkumakulirakulira. Azungu atayamba kuyendetsa masitima awo a pamadzi anapezanso kuti khomo lolowera m'nyanja ndi lomwelo. Ndiye boma la Mangochi lili pamene lililo osati chifukwa pali pakatikati pa dera, kapena nthaka yabwino, kapena nyengo yabwino, nanga kutentha kwake kuja, koma chifukwa cha dooko.

Livingstone anafikako ku Mangochi?

Kangapo konse. Mu Seputembala 1859 anaiona nyanja koyamba ali cha pomwepa pamene Shire akuyambira, atayenda wapansi kuchokera kumunsi kwa mathithi. Mu 1861 anabweranso ndi boti, ndipo ndi ulendo umenewu womwe anatcha Cape Maclear dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town.

Ulendo wa 1866 ndi womwe uli ndi kankhani. Anachokera ku Rovuma, kudutsa kwa Mataka, nkudzafika kwa Mponda mu Seputembala. Atangopitirira pang'ono, gulu la amtengatenga ake a ku chilumba cha Johanna ku Comoros, mtsogoleri wawo Musa, linachita mantha ndi mbiri ya Angoni nkuthawa, ndipo atafika ku Zanzibar anakanama kuti bwana waphedwa, kuti alandire malipiro awo. Ku Britain manyuzi analemba za imfa yake. Mu 1867 anatumiza E.D. Young kudzafufuza, ndipo ndi anthu a kum'mwera kwa nyanja konkuno amene anamutsimikizira kuti mzungu uja anadutsa ali moyo ndithu.

Ndiye mishoni yoyamba inali ya ku Cape Maclear?

Eya. Young yemweyo anabweranso mu 1875 ali ndi Dr Robert Laws ndi anzawo a Free Church of Scotland, atanyamula sitima ya Ilala yoyamba ija m'zidutswa kudutsa mathithi a Shire. Analowa nayo m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ndipo asanalowe anaima kaye kwa Mponda kupempha chilolezo, taonani mwini dera anali ndani nthawi imeneyo. Livingstonia woyamba anali pa Cape Maclear pamenepo. Malungo anawasautsa, manda a amishoni alipo mpaka lero kuphatikizapo a Dr William Black amene anamwalira mu 1877, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe.

Chimene ambiri sadziwa nchakuti Akatolika nawonso anayambira ku Mangochi. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda kumapeto kwa Disembala 1889, anatsegula kasukulu ndi kupereka mankhwala, koma mudzi unali pa nkhondo zolimbirana ufumu Mponda woyamba atamwalira, ndipo mu June 1891 ananyamuka kupita ku Mambwe ku Zambia. Angilikani a mishoni ya UMCA ndi omwe anadzakhalitsa, ku Mpondasi ndi ku Malindi.

Ndimamva kuti Mangochi akanatha kukhala mbali ya Mozambique, nzoona?

Nzoona ndithu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 Apwitikizi ankati dera lonse la Shire ndi kum'mwera kwa nyanja ndi lawo, anatumiza António Cardoso kukasainirana mapangano ndi mafumu a Chiyao, ndipo ansembe a White Fathers aja anabwera mothandizidwa ndi boma la Portugal lomwelo. Britain inawaopseza mu Januwale 1890 kuti achotse asilikali awo ku Shire, nkudzasainirana pangano la malire mu June 1891. Malire a ku Chiponde ndi Mandimba anachokera pamenepo, ndiye chifukwa chake mupeza banja limodzi ena ali Malawi ena Mozambique, chiyankhulo chimodzi, mafumu apachibale.

Nkhondo ya 1891 inayenda bwanji kwenikweni?

Johnston anafika m'dziko muno pakati pa chaka cha 1891 ali ndi asilikali ochepa zedi, amwenye pafupifupi 70 ochokera ku India, ena mwa iwo Asikh a nduwira aja, kuphatikizapo anthu a ku Zanzibar ndi Amakua. Mkulu wawo anali Captain Cecil Maguire. Ndalama zina zoyendetsera zonsezi zinkachokera ku kampani ya Cecil Rhodes, mapaundi 10,000 pa chaka. Atayamba ndi Chikumbu ku Mulanje anakwera kumtunda kwa Shire, nkumanga linga lija moyang'anizana ndi Mponda. Anamulamula kuti amasule anthu ogwidwa, atazengereza anamuwombera mizinga kuchokera tsidya lina, nyumba zaudzu nkuyaka, Mponda anagonja nkusaina kuti wasiya malonda a akapolo. Kusaina kwa munthu woti mudzi wake ukufuka utsi mukukudziwa.

Makanjira ndiye anali wina. Uyu anali ndi zombo zake za matanga zowolotsa anthu ndi katundu pa nyanja, ndipo azungu anali naye kale chifukwa, poti mu 1888 anthu ake anagwira John Buchanan, yemwe ankaimira boma la Britain, nkumuvula ndi kumukwapula, mpaka anachita kuwomboledwa pamodzi ndi mmishoni W.P. Johnson. Ndiye kumapeto kwa Okutobala 1891 anabwereka sitima ya Domira ya kampani ya Mandala nkukawombera mudzi wake. Mu Disembala Maguire anabwereranso atamva kuti pali zombo ziwiri zobisidwa pagombe, anatsika m'madzi ndi asilikali ake kukaziotcha, koma mphepo inawuka, Domira inatitimira pamchenga, anthu a Makanjira nkutulukira ndi mfuti. Maguire anawomberedwa ali m'madzi akubwerera ku sitima, pa 15 Disembala. Dokotala wawo Boyce ndi injiniya McEwan anatsika kukakambirana zotenga mtembo, nawonso anaphedwa.

Pasanathe miyezi itatu, mu Febuluwale 1892, mzungu woyang'anira Fort Johnston dzina lake King anatenga gulu kukamenya Jalasi kumapiri, anakagonja koopsa, iye mwini anavulala, mzinga wawo nkutsala m'manja mwa Jalasi. Chaka chimenecho azungu a pa Fort Johnston ankangokhala mu linga mwawo mwamantha, ulamuliro wawo unkathera pomwe chipolopolo chimathera.

Nanga zinatembenuka bwanji?

Zida ndi anthu zinawonjezeka basi. Mu 1893 kunabwera Asikh ena ambiri, komanso masitima awiri ankhondo, Pioneer ndi Adventure, omwe anawabweretsa m'zidutswa nkudzawalumikiza kumtunda kuno. Chombo cha matanga sichingalimbane ndi sitima ya injini yokhala ndi mzinga, ndiye mphamvu ya Makanjira pa nyanja inathera pomwepo. Kumapeto kwa 1893 analanda mudzi wake nkumangapo Fort Maguire, dzina la mnzawo anaphedwa uja, Makanjira anayesa kulilanda lingalo kumayambiriro kwa 1894 koma zinakanika.

Chaka chomaliza chinali 1895. Major Edwards anakwera phiri la Jalasi mu Okutobala nkulilanda, mzinga uja nkuupezanso, Jalasi anathawira ku Mozambique. Mwezi wotsatira Mponda anagonja kachiwiri, Makanjira naye anawolokera mbali ya Apwitikizi, ndipo mu Disembala azungu anakathana ndi Mlozi, wamalonda a akapolo, ku Karonga. Ndiye kuyambira pa linga loyamba kufika pamene mzungu ankatha kuyenda m'boma lonse osaopa panadutsa zaka zinayi zathunthu.

Dzina loti Mangochi linachokera kuti, poti tauni inali Fort Johnston?

Ndi dzina la phiri, lomwe lija kunali Jalasi, cha ku Namwera, ndipo Ayao a Amangochi aja amatchedwa choncho chifukwa cha phiri lomweli. Azungu atalilanda anamangapo linga lina lamiyala, Fort Mangochi, loyang'anira njira yochokera ku Mozambique. Ndiye kale munthu akati ndikupita ku Mangochi amanena kumapiri, osati kumtsinje. Dera lonse pachiyambi ankalitcha South Nyasa, kenako linatenga dzina la tauni yake.

Dziko litalandira ufulu maina a atsamunda anayamba kuchotsedwa, Port Herald kukhala Nsanje, Fort Manning kukhala Mchinji, Fort Hill kukhala Chitipa, ku Zambia nako Fort Jameson kukhala Chipata, ndipo Fort Johnston anapatsidwa dzina la phiri lija.

Mwati linga linali tsidya la kum'mawa, nanga boma lili kumadzulo bwanji?

Analisamutsa cha m'ma 1897. Malo oyamba aja anawasankha chifukwa cha nkhondo, anali otsika, achinyontho, udzudzu wosaneneka, azungu ankangodwala. Mponda atagonja panalibenso chifukwa chokhalira m'dambo kumuyang'anira, ndiye anawoloka nkutsikira kumunsi pang'ono pamalo ouma pomwe pali tauni leropa. Apa ndiye anachita kuyeza misewu yotakata yowongoka, nyumba za njerwa, maofesi, sitolo za Mandala ndi za amwenye, kalabu ya azungu. Mukamayenda mbali yakale ya tauni kufupi ndi mtsinje mumaona kuti misewu yake ndi yochita kulemba papepala.

Kodi azungu ankamenyadi nkhondo pofuna kuthetsa ukapolo, kapena chinali chonamizira?

Funso ili limautsa mkangano nthawi zonse, ndipo ine ndimati zonse ziwiri nzoona, amene akufuna yankho limodzi loyera andikhululukire. Malonda a anthu analipo, sinkhani yopeka ya azungu, ndipo ogwidwawo anali makolo a anthu omwe tikukhala nawo lero, Anyanja, Achewa, ngakhale Ayao anzawo a midzi yopanda mfuti. Ena sankapita nkunyanja yamchere komwe, ankatsala m'midzi ya mafumu ngati akazi ndi antchito a kumunda. Kwa munthu amene anamasulidwa m'goli pa dooko la Mponda, kubwera kwa linga lija kunali kupulumuka, zimenezo tisazikane pofuna kukometsa mafumu athu.

Koma Johnston ankafunanso dziko. Ankafuna kuti msonkho wa minyanga uzipita kwa iye osati kwa Mponda, kuti mfuti ndi wonga zikhale ndi chilolezo chake, kuti pasakhale mfumu ina yoti nkumuyankha. Umboni wake ndi Jumbe wa ku Nkhotakota, amene anali m'malonda omwewo koma poti anasaina pangano mu 1889 ankachita kulandira ndalama chaka ndi chaka kuchokera kwa azungu. Ndipo nkhondo zitangotha chinatsatira ndi msonkho wa nyumba, mashiling'i atatu, munthu wopanda ndalama akagwire ntchito kwa mzungu kapena asenze katundu. Ndiye Makanjira ndi Jalasi mutha kuwatcha olimbana ndi atsamunda osalakwitsa, muthanso kuwatcha ogulitsa anthu osalakwitsa.

Pa boma pankachitika zotani masiku amenewo?

Ziwiri zikuluzikulu, msonkho ndi masitima. Mzungu wa pa boma poyamba udindo wake unali wotolera msonkho, pambuyo pake ndi pomwe anadzakhala bwana DC amene tikumudziwayu, ndipo yemweyo anali woweruza milandu, mkulu wa apolisi, woyang'anira ndende ndi misewu. Akamayendera midzi ankanyamulidwa pa machila, asilikali ndi amesenjala ali patsogolo. Mafumu poyamba anawalanda mphamvu zonse, kenako ataona kuti mzungu mmodzi sangalamulire dera lalikulu chonchi anayamba kuwabwezera pang'onopang'ono, lamulo la 1912 linakhazikitsa mafumu aakulu othandiza boma, la 1933 linawapatsa makhoti ndi kathumba kawo ka ndalama. Maina a Mponda, Makanjira ndi Jalasi anabwereranso motero, mpaka lero ndi ma T/A a m'bomali pamodzi ndi a Nankumba, Chimwala, Katuli, Chowe ndi ena.

Za masitima ndiye zinali zosangalatsa. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde pamathiriro a Zambezi, kukwera mtsinje mpaka Chiromo kapena Chikwawa, apo amtengatenga amusenze pamutu kudutsa Blantyre mpaka ku Matope kuzemba mathithi, akwerenso kasitima kakang'ono kudutsa Liwonde ndi Malombe kudzafika pa Fort Johnston, apa ndiye amupakire m'sitima yaikulu ya pa nyanja yopita ku Nkhotakota, Likoma, Karonga mpaka mbali ya Ajeremani ku Tanganyika. Aliyense wopita kumpoto, mmishoni, msilikali, wamalonda, ankagona pano. Masitima enieniwo ankalumikizidwa konkuno. Chauncy Maples ya Angilikani anaipanga ku Glasgow nkuiphwasula m'zidutswa zoposa 3,000, anthu anazisenza pamutu, boyila yake yokha anachita kuikoka pa ngolo amuna mazanamazana a Chingoni, nkudzailumikiza ku Mpondasi, inalowa m'madzi mu 1901. Anthu ambiri a m'mbali mwa mtsinjewu anaphunzira umakaniko, ukalipentala ndi uyendetsi wa sitima mu nthawi imeneyi, makamaka ku Malindi komwe a mishoni anali ndi malo okonzera.

Nanga mfuti yaikulu ili pafupi ndi wotchi ija ndi ya nkhondo ya Mponda?

Ayi, ambiri amaganiza choncho koma ndi ya pambuyo pake. Mukatsika pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowa m'tauni, pomwe akabaza amakhotera paja, pali nsanja ya wotchi ya njerwa, anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901. Pambali pake ndi pomwe pali mfutiyo, ya mtundu wa Hotchkiss, ndipo inachokera pa sitima ya boma ya Guendolen yomwe inalowa m'madzi pa Fort Johnston mu 1899.

Nkhani yake ndi iyi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, Captain Rhoades analamulidwa kukaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Anakaipeza ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ataikwezera kumtunda akuikonza, nkuiwombera. Kaputeni wa Chijeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye, ndipo uthenga woti kwayamba nkhondo unali usanamufike, ndiye amati anapalasa kaboti kubwera atakwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, nkumuuza kuti pepani ndinu mkaidi. Zimenezi zimawerengedwa m'gulu la kumenyana koyambirira kwa pamadzi m'nkhondo yonse ija.

Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Viphya yomwe inamira mu July 1946 kumpoto kwa nyanja, anthu 145 anafa. Ambiri timangodutsa osawerenga, tsiku lina dzaimeni.

Ngati panali pofunika chonchi, bwanji tauniyi sinakule ngati Blantyre kapena Zomba?

Madzi anaithawa. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pa zaka zambiri, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 inatsika kwambiri, Shire wa kumtunda anadzaza mchenga ndi bango, masitima a ku Matope analeka kudutsa, mpaka cha m'ma 1915 mtsinje unasiya kutuluka bwinobwino m'nyanja ndipo zinakhala choncho zaka pafupifupi 20. Tauni yomwe moyo wake unali dooko inatsala ndi misewu yotakata yopanda anthu. Mmene madzi ankabwerera cha m'ma 1935 nkuti njanji itafika ku Salima, katundu wa kumpoto akukwerera pa Chipoka, ndipo pambuyo pake malo okonzera masitima anakhala Monkey Bay, komwe Ilala yomwe ikuyenda leroyi inalowera m'madzi mu 1951. Pa boma panangotsala ma ofesi, chipatala, ndende ndi pantoni yowolotsa anthu.

Koma bomalo palokha ndi lalikulu, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo ali kumidzi, ndipo a ku Makanjira mpaka lero kupita pa boma ndi ulendo weniweni wofuna kulawirira.

Chisilamu chinalowa nthawi yomweyi?

Chinayamba azungu asanabwere. Makanjira ndiye amatchulidwa kuti anali mfumu yoyamba ya Chiyao kulowa Chisilamu, cha m'ma 1870, ndipo m'mabwalo a mafumu munali alembi a Chiswahili olemba makalata m'zilembo za Chiarabu. Koma kufalikira kwenikweni m'midzi kunachitika mafumu atagonja kale, kuyambira m'ma 1890 kupita mtsogolo, kudzera mwa mashehe oyendayenda, madrasa ndi jando. Sukulu za nthawi imeneyo zinali za mishoni, ndipo makolo ambiri ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akamubatiza ndi kumudyetsa zosayenera, ndiye ankamusunga pakhomo. Anthu akamanyoza za sukulu ku Mangochi amaiwala kuti boma la atsamunda linasiya maphunziro m'manja mwa matchalitchi kwa zaka zambirimbiri, osaganizira dera loti anthu ake ambiri ndi Asilamu.

Za Chipembere zikukhudzana ndi Fort Johnston yemweyu?

Yemweyu, ngakhale izi si za kale kwambiri. Henry Masauko Chipembere kwawo kunali ku Malindi, bambo ake anali wansembe wa Angilikani. Atasemphana ndi Dr Banda mu 1964 anabisala kumapiri a tsidya la kum'mawa, ndipo usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 analowa pa Fort Johnston ndi anthu pafupifupi 200, kulanda polisi ndi mfuti, nkuyamba ulendo wa ku Zomba. Anakaima pa Liwonde chifukwa pantoni inali tsidya linalo. Midzi ya kumeneko inazunzika kwambiri pambuyo pake, a m'mudzi wa Moto akudziwa bwino.

Ndikafuna kuona zinthu zakalezi ndi maso ndiyambire pati?

Yambirani pa wotchi paja, kenako lowani mu Lake Malawi Museum yomwe ili pafupi pomwepo m'nyumba yomwe kale inali kalabu ya azungu, muli zinthu za masitima akale, za usodzi ndi za chikhalidwe. Ku Mpondasi ndi kufupi, kabaza akufikitsani. Manda a amishoni ku Cape Maclear ali m'dera la Lake Malawi National Park, ndiye konzekerani zolipira pa geti. Fort Maguire ndi kutali, njira ya ku Makanjira, ndipo nthawi ya mvula yambani mwafunsa za msewu musananyamuke.

Fort Mangochi ndiye yofuna miyendo. Mumakwera msewu wa ku Namwera wokhotakhota uja, kenako nkuyenda wapansi kulowa m'nkhalango ya Mangochi, makoma amiyala akadalipo ndithu, ataliatali, mitengo itamera mkati. Pitani nthawi ya chilimwe udzu utapsa, tengani madzi okwanira, ndipo pezani munthu wa m'mudzi wapafupi akutsogolereni mutadziwitsa a mfumu, chifukwa tinjira ta m'phirimo ndi tambiri ndipo palibe zikwangwani.